Kalata yotseguka kwa oyang'anira matimu a basketball ya atsikana m'makoleji a ku America

Kwa akuluakulu a mayunivesite, akulu a nthambi zamasewero, ndi makochi a matimu a atsikana a mu Division I, gawo lapamwamba la NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'makoleji,

Mabwana ndi madona, zikomo potitchera khutu. Sabata zikubwerazi muitana atolankhani, mujambulitsa atsikana atavala yunifolomu yatsopano, ndipo mulengeza kuti chaka chino timu yanu ifika patali. Makochi a m'ligi mwanu aponya mavoti, mndandanda utuluka wonena kuti uyu adzakhala woyamba, uyu wachisanu. Zonsezo sitikuzitsutsa. Koma funso limene limaulula tsogolo lenileni la sizoni silifunsidwa pa tsiku la atolankhani. Funsolo ndi ili: pofika pakati pa Febuluwale, mudzakhala ndi atsikana angati athanzi, amene kochi angawalowetse m'bwalo gemu itavuta, mtima wake uli m'malo? Akadzakhala 9, lotani za Malichi, mwezi umene mpikisano waukulu wa NCAA umayamba. Akadzakhala 6, sizoni idzatha musanazindikire, ngakhale mutakhala ndi katswiri wogoletsa kuposa onse m'ligi. Yankho la funsoli likulembedwa panopa, mu ofesi zanu, mpira usanadunde.

Tiyambe ndi masamu osavuta. Gemu ya atsikana ili ndi zigawo 4 za mphindi 10, monga yakhalira kuyambira sizoni ya 2015-16. Osewera asanu kwa mphindi 40, ndiye kuti kochi ali ndi mphindi 200 zoti agawe usiku uliwonse. Akagawira anthu 9, aliyense asenza mphindi pafupifupi 22. Akagawira 7, ndi pafupifupi 29. Akamadalira asanu oyamba okha, aliyense mphindi 35, a pa benchi onse pamodzi atsala ndi 25 zokha, ndipo mwana wa chaka choyamba amene amalowa mphindi zitatu gemu itatha kale saphunzirapo kanthu. Tsono chulukitsani zimenezo ndi magemu pafupifupi 30 kuchokera Novembala mpaka kumayambiriro kwa Malichi, muonjezepo maulendo, mayeso a m'kalasi ndi chimfine cha m'nyengo yozizira. Kumapeto kwake kuli mpikisano wa ligi, kumene timu imasewera katatu, mwina kanayi, m'masiku ondondozana. Kwa matimu a m'maligi ang'onoang'ono, amene kawirikawiri amatumiza timu imodzi yokha ku mpikisano waukulu wa NCAA, masiku amenewo ndiwo sizoni yonse. Miyendo yotopa siponya bwino, ndipo imachita mafaulo chifukwa imafika mochedwa. Paja faulo yachisanu wosewera amatuluka, ndipo timu ikafika mafaulo 5 m'chigawo chimodzi, adani amayamba kuponya ma free throw (kuponya kwaulere popanda wotchinga) awiriawiri.

Zimenezi zinaonekera poyera pa fainolo ya mpikisano wa NCAA ya mu Epulo 2024. Caitlin Clark wa Iowa anagoletsa mapointi 30, ndipo 18 mwa iwo anawagoletsa m'chigawo choyamba chokha. Komabe South Carolina ya kochi Dawn Staley inapambana 87-75 n'kutseka sizoni ndi magemu 38 osagonjapo. Chinasiyanitsa matimuwo n'chiyani? Osewera ochokera pa benchi a South Carolina anagoletsa mapointi 37, a Iowa sanagoletse ngakhale imodzi. Mtsikana wa chaka choyamba, Tessa Johnson, anadzuka pa benchi n'kugoletsa 19. Ndipo musaiwale kuti timuyo inali itataya osewera ake onse asanu oyamba a sizoni yapitayo. Mutu umodzi susenza denga. Benchi yotere sibadwa mu Epulo. Imakula chifukwa kochi analolera kuti ana alakwitse mu Novembala, ndipo akulu ake sanamukalipire pamene gemu yophweka inakhala yovuta chifukwa cha zimenezo.

Mbali inayo nayo muyikumbukire. Mu Januwale 2023, UConn (yunivesite ya Connecticut), timu imene ili ndi zikho zambiri kuposa ina iliyonse, inalephera kusewera ndi DePaul pa tsiku lake chifukwa osewera athanzi sanakwane 7 amene ligi ya Big East imafuna. Mu Januwale 2024, TCU (Texas Christian University), imene inayamba sizoni ndi kupambana magemu 14 motsatizana, inapereka ulere magemu awiri, a Kansas State ndi Iowa State, kenako inaitana ophunzira wamba a pa sukulupo kuti adzayesedwe ngati angathe kusewera. Ngati zinachitikira masukulu a ndalama ngati amenewo, inu muli ndi chiyani chokutchinjirizani?

Apa ndi pamene tikufuna kukhalitsa, pa nkhani ya bondo. Mkati mwa bondo muli mtsempha wotchedwa ACL umene umagwira fupa la msongolo kuti lisaterereke kutsogolo kapena kupotoka pansi pa fupa la ntchafu. Mu basketball, atsikana amadula mtsempha umenewu kawirikawiri kuposa anyamata, mwina kuwirikiza katatu. Nthawi zambiri palibe amene wamugunda. Mtsikana walumpha kukatenga mpira, watera ndi mwendo umodzi wowongoka, thupi lili kumbuyo, bondo n'kugwera mkati. Kapena akuthamanga, waponda mwamphamvu kuti akhote, phazi lakakamira pansi koma chiuno chapitirira. Kumveka kaphokoso, bondo kutupa madzulo omwewo, basi sizoni yatha. Pambuyo pa opaleshoni pamafunika miyezi 9 mpaka 12. Paige Bueckers wa UConn anadula wake mu Ogasiti 2022 ndipo sizoni yonse yotsatira anaionera pa benchi. JuJu Watkins wa USC (yunivesite ya Southern California) anadula wake mu Malichi 2025, gemu ya mpikisano wa NCAA ndi Mississippi State ili mkati, ndipo maloto a timu yonse anapendekera pomwepo.

Si kuvulala konse kumene kungapewedwe, ndipo sitikunena kuti masukulu amene tawatchulawa ananyozera. Koma n'zodziwika kale kuti ndondomeko yophunzitsa minofu ndi katere kabwino imachepetsa kuduka kwa ACL mwa atsikana pafupifupi ndi theka. Ndondomekoyo si yodula. Ndi mphindi 15 mpaka 20, kawiri kapena katatu pa sabata, kumayambiriro kwa zokonzekera thupi likadali ndi mphamvu. Amayamba ndi kuthamanga pang'onopang'ono kutsogolo, cham'mbuyo ndi cham'mbali. Kenako kulimbitsa minofu ya kumbuyo kwa ntchafu: wosewera agwada, mnzake amugwira akakolo, iye n'kumatsikira kutsogolo pang'onopang'ono osapinda chiuno, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi poyamba, n'kumaonjezera sabata ndi sabata. Kenako kunjuta ndi mwendo umodzi, ndi kuyenda cham'mbali atamanga lamba wa mphira m'mawondo kuti minofu ya m'chiuno igwire ntchito, pakuti ndiyo imaletsa bondo kugwera mkati. Pomaliza kulumpha ndi kutera, poyamba miyendo iwiri, kenako umodzi, kenako kuthamanga n'kukhota mwadzidzidzi pomvera chizindikiro cha kochi. Woyang'anira aime kutsogolo kwa wosewera, maso pa bondo: likhale pamwamba pa chala chachiwiri cha phazi, chiuno chipite kumbuyo, mawondo apinde, ndipo kutera kukhale kwachete. Phazi likamveka kuti phi! pansi, ndiye kuti mwendo watera wouma, abwereze.

Chimene chimapha ndondomekoyi si kusowa kwa zida. Imafa chifukwa imachitika mu Seputembala ndi Okutobala, magemu a ligi akangoyamba kochi n'kunena kuti nthawi yachepa, mphindi 20 zija azipereke ku kuphunzira machenjera a adani. Phindu lake limazilala pakapita sabata zochepa chisiyireni, ndendende nthawi imene miyendo yatopa ndipo ngozi yakula. Imafanso pamene yasiyidwa m'manja mwa kaputeni, makochi ali pambali kukambirana zina, atsikana n'kumangokwaniritsa mwambo mawondo akugwerabe mkati. Tikukupemphani kuti mphindi zimenezi zilembedwe pa ndandanda ya sizoni yonse mpaka gemu yomaliza, ziwerengedwe mkati mwa maola 20 a pa sabata amene NCAA imalola, ndipo aziyang'anira munthu wophunzira ntchitoyo amene ali wa timu ya atsikana yokha, osati wobwerekedwa kwa anyamata akapuma.

Wovulala akamachira, kalendala isakhale woweruza. Kochi amene ntchito yake ili pa chiswe amayang'ana tsiku la gemu yaikulu, wosewerayo naye amalakalaka kubwerera, ndipo onse awiri amanena kuti bondo lili bwino. Kubwerera miyezi 9 isanakwane kumachulukitsa ngozi yodulanso, pa bondo lomwelo kapena linzake. Mwendo wochitidwa opaleshoni uyenera kufika pa 90 peresenti ya mphamvu za unzakewo poyezedwa ndi makina komanso pa mayeso odumpha ndi mwendo umodzi. Mawu omaliza akhale a dokotala, ndipo dokotalayo asakhale pansi pa kochi pa nkhani ya malipiro kapena kulembedwa ntchito. Zimenezi ndi inu akulu a nthambi amene mungazikonze, kochi sangathe.

Pali kuvulala kwina kumene kumabwera mwakachetechete. Mtsikana akamadya zochepa poyerekeza ndi mphamvu zimene akuwononga, thupi limayamba kusunga: msambo umasiya kubwera, mafupa amafooka, ndipo pakapita miyezi fupa la phazi kapena la msongolo limachita mng'alu. Ambiri amaganiza kuti kusiya msambo ndi chizindikiro choti akulimbikira bwino. Ayi, ndi chenjezo. Sizoni isanayambe aliyense ayezedwe magazi, makamaka ayironi, chifukwa wosowa ayironi amatha mpweya msanga ndipo amatchedwa waulesi pamene vuto lili m'magazi. Mafunso a msambo ndi kadyedwe afunsidwe ndi wachipatala m'chipinda chotseka, mayankho asapite kwa kochi. Sikelo yoyezera anthu pagulu ichoke m'jimu. Ndipo chakudya chikhalepo gemu ikangotha, ngakhale itatha usiku kutali ndi kwanu. Basi yonyamuka ndi ana anjala kuti ipulumutse ndalama pang'ono idzakulipiritsani mu Febuluwale.

Ana a chaka choyamba muwasamale mwapadera. Ambiri akuchokera ku sekondale kumene gemu ndi mphindi 32 ndipo palibe wowakankha pansi pa ringi ngati mayi wa zaka 22 amene wakhala m'jimu zaka zinayi. Malamulo amalola masiku 30 a zokonzekera m'masiku 42 gemu yoyamba isanafike. Kulumpha kuchoka pa maola 8 a pa sabata a nthawi yopuma n'kufika pa 20 m'sabata imodzi ndi kumene kumabala zotupa za m'mitsempha ndi ming'alu ya mafupa. Katundu aonjezedwe pang'onopang'ono. Chimodzimodzi pobwera ku tchuthi cha Khirisimasi: tsiku loyamba si lolangira anthu ndi kuthamanga.

Tibwere ku nkhani yodzaza timu. Kuchokera pamene transfer portal, kaundula wa osewera ofuna kusamukira ku sukulu ina, inatsegulidwa mu 2018, ndipo makamaka chiyambire 2024 pamene wosewera amaloledwa kusamuka kangapo n'kusewera nthawi yomweyo, timu ikhoza kusintha nkhope m'sabata zitatu. Malo pa timu alipo 15. Chiyeso chake n'chakuti mutole mayina otchuka, ogoletsa mapointi ambiri kumene achokera. Koma mpira ndi umodzi. Ogoletsa anayi amene onse anazolowera kuugwira nthawi yaitali sapanga timu, amapanga mzere wodikira. Musanasaine aliyense, funsani kochi mafunso atatu. Wotsogolera mpira woyamba akachita mafaulo awiri m'chigawo choyamba, adzaudutsitsa ndani pakati pa bwalo m'masekondi 10 adani atatsekereza? Mukufunika anthu atatu otha ntchito imeneyo, osati m'modzi. Aatali a pansi pa ringi alipo angati? Awiri sakwana, chifukwa ndi amene amatola mafaulo msanga. Nanga oponya kutali amene adani amawaopadi ndi angati? Mzere wa mapointi atatu unasunthidwa mu 2021 kufika pa mamita 6.75, ndipo amene ankagoletsa ataponda mzere wakale si onse anasamuka nawo.

Kusunga wosewera amene muli naye n'kotsika mtengo kuposa kugula watsopano. Mtsikana wa chaka chachiwiri amene akudziwa kale kayendedwe ka chitetezo chanu, mayina a machenjera anu ndi mawu a anzake m'bwalo, ali ndi miyezi yambiri patsogolo pa mlendo aliyense. Ambiri sachoka chifukwa cha ndalama zokha. Amachoka chifukwa palibe anakhala nawo pansi kuwauza zoona za malo awo. Ndipo wosamukayo asanasaine, a kaundula wa maphunziro aone kaye kuti maphunziro ake akale awerengedwa angati pa digiri yanu. NCAA imafuna kuti wosewera akhale atamaliza 40 peresenti ya digiri polowa chaka chachitatu, 60 polowa chachinayi, 80 polowa chachisanu. Zimachitika kuti katswiri wafika, zithunzi zajambulidwa, kenako kupezeka kuti saloledwa kusewera.

Poyeza ngati timu ikupita patsogolo, musamangowerenga mapointi a gemu. Dean Oliver, katswiri wa masamu a basketball, anaonetsa kuti kupambana kumatsamira pa zinthu zinayi: kuponya kolowa, kusataya mpira, kutola mipira yobwerera pa ringi, ndi kupeza ma free throw. Pa zinayizi, chimene timu ya ndalama zochepa ingakonze msanga ndi kusataya mpira. Tiyerekeze kuti gemu ili ndi mipata 70 yogwira mpira. Timu yotaya mpira ka 20 yatsala ndi mipata 50 yoponya. Ikatsitsa kufika pa 14, yapeza mipata 6 yaulere, mapointi 5 kapena 6, osawerengera amene adani akanagoletsa pothamanga ndi mpira wobedwawo. Magemu ambiri a ligi amathera pa kusiyana kocheperapo. Kuponya kutali nako kuli ndi masamu ake: wolowetsa 33 pa 100 kuchokera kuseri kwa mzere akufanana ndi wolowetsa 50 pa 100 mkati, koma wolowetsa 25 pa 100 akungopereka mpira kwa adani, ngakhale owonerera amakuwa ikalowa. Pa mipira yobwerera, kumbukirani kuti timu ikatola mpira wake womwe wotchi imabwerera pa masekondi 20, osati 30, choncho pafunika njira yachidule yokonzeratu, osati kuyambiranso zonse. Ndipo mphindi yomaliza ya chigawo chachinayi, timu ikapempha kupuma imaloledwa kukayambira mpira kutsogolo. Amene sanayeserere machenjera atatu kapena anayi a malo amenewo amaluza magemu amene anali m'manja. Zonsezi zimafuna munthu wa vidiyo wodula zithunzi usiku womwewo, ndi gulu la anyamata ophunzira pa sukulupo oyeserera nawo, kuti atsikana asamaphwanyane okhaokha tsiku ndi tsiku.

Ndandanda ya magemu a Novembala ndi Disembala ili m'manja mwanu kwambiri kuposa mwa kochi. Komiti yosankha matimu olowa mu mpikisano wa NCAA imayang'ana NET, njira yoyezera matimu imene imaganizira mphamvu za adani ndi kumene gemu yaseweredwa. Kudzaza ndandanda ndi matimu ofooka kumakometsa chiwerengero cha kupambana koma sikukweza timu. Kwinaku, kugulitsa atsikana ku masukulu akuluakulu kanayi kapena kasanu motsatizana, kuti akagonje ndi mapointi 40 inu mulandire cheke, kumathyola matupi ndi mitima ligi isanayambe. Gemu yotere imodzi kapena ziwiri n'zomveka. Zotsalazo zikhale za matimu ofanana nanu kapena okuposani pang'ono, ena kwanu ena kwawo. Za maulendo, amene muli m'maligi otambalala, monga Big Ten imene kuyambira 2024 ikuchokera ku Los Angeles mpaka ku New Jersey, dziwani kuti kusiyana kwa maola atatu kumasokoneza tulo, ndipo wosagona mokwanira amavulala msanga. Ngati anyamata akukwera ndege yawoyawo pa ulendo wotero, atsikana asagone pa bwalo la ndege kudikira yolumikiza.

Mwina mukuti ndalama palibe. Kale yankho limenelo linkamveka; lero lafooka. Fainolo ya 2024 ija inaoneredwa ndi anthu oposa 18 miliyoni, kuposa ya anyamata ya chaka chomwecho. Mgwirizano wa NCAA ndi kampani ya wailesi ya kanema ya ESPN wa zaka 8, wa madola 920 miliyoni, unayerekeza mpikisano wa atsikana pa madola 65 miliyoni pa chaka. Kuyambira 2025, ligi imalandira ndalama pa gemu iliyonse imene timu yake ya atsikana yasewera mu mpikisanowo, kuchokera m'thumba loyambira pa madola 15 miliyoni, chinthu chimene anyamata akhala nacho kwa zaka zambiri. Ndalamazo zimafikira ku ligi, ligi n'kugawira masukulu. Zikafika kwa inu, zibwerere kwa amene anazikhetsera thukuta, zisasowere m'thumba la onse. Chigamulo cha mu Juni 2025 cha mlandu wa House, umene osewera anasumira NCAA pa nkhani ya malipiro, chinalola sukulu kugawana ndi osewera mpaka madola 20.5 miliyoni m'chaka choyamba, ndipo aliyense akudziwa kuti gawo lalikulu likupita ku mpira wa American football. Lengezani poyera kuti timu ya atsikana ikulandira zingati. Lamulo la Title IX la 1972, loletsa kusala atsikana m'masukulu, likadalipo, ndipo dziko silinaiwale vidiyo imene wosewera Sedona Prince anajambula pa mpikisano wa NCAA wa mu 2021 ku San Antonio, yoonetsa kamulu kamodzi ka tizitsulo tonyamula ta atsikana pamene anyamata anali ndi jimu yathunthu. Kusiyana kotero lero kumabisala m'malo osajambulidwa: ola la m'bandakucha limene atsikana amapatsidwa bwalo, wachipatala m'modzi wogawana ndi matimu atatu, wothandizira kochi amene malipiro ake ndi ochepa kwambiri moti amachoka chaka chilichonse n'kupita ndi ana amene anawakopa.

Choncho gemu yoyamba isanafike, itanani kochi wamkulu, wachipatala wa timu, wolimbitsa matupi ndi mlangizi wa maphunziro m'chipinda chimodzi. Aike pa tebulo mayina onse 15, ndipo pa dzina lililonse anene mmene thupi lilili, mphindi zimene akuyembekezeka kusewera mu Novembala, ndi mmene maphunziro akuyendera. Agwirizane malire a mphindi za osewera oyamba m'magemu a kunja kwa ligi, ndipo inu mumutsimikizire kochi, molemba, kuti simudzamuweruza ndi zotsatira za Novembala ngati akukulitsa benchi. Msonkhano womwewo ubwerezedwe sabata yoyamba ya Januwale, ligi ikamayamba kutentha, kenako pakati pa Febuluwale, ndipo nthawi zonse wachipatala ayambe ndiye kulankhula.

Ndife anu,
Makochi, achipatala a zamasewero ndi okonda basketball ya atsikana